Ndinakuuza Kuti Udikire

Girrawheen, Perth
Lachisanu masana

Mwana wanga Chisomo,

Ndikulemba kalatayi iwe uli ku holo ya volebo kumene wapita kukatsanzikana ndi anzako. Bambo ako atenga masutikesi kukayeza kwa aneba, akuti sikelo yathu imanama. Ine ndatsala ndekha ndi mvula imene yayamba m'mawa osakata. Ndinapempha ofu lero kuti ndikulongedzere katundu, koma wandikaniza, akuti ndimaika zinthu zopanda ntchito. Ndiye ndati manja asangokhala, ndilembe. Kalatayi ndiyiika m'nsapato zako zosewerera zija, zimene sulola kuti zipite ndi katundu wina koma umazinyamula m'manja ngati khanda. Ndalemba m'Chichewa dala. Ndikudziwa kuti uwerenga mogogoda ngati mwana wa sitandade 2, koma ulendo wa ku America ndi wautali, nthawi uli nayo. Chizungu umathamanga nacho, ndipo zimene ndikukuuzazi sizofunika liwiro.

Choyamba ndinene zoona, mtima wanga uli m'malo. Mawa ukukwera ndege uli ndi koleji yopitako, timu yosewerako ndi sikolashipi m'manja. Miyezi iwiri yapitayo zonsezi panalibe. Iwe ukudziwa mmene zinthuzi zinalumikizirana: popanda malo m'timu palibe sikolashipi, popanda sikolashipi palibe sukulu, popanda sukulu viza yatha. Ine ndi bambo ako ngakhale titagwira mashifiti onse a mu Perth, sukulu ya kumeneko sitingaithe. Ndiye ukandiona ndikuimba nyimbo m'khitchini masiku ano usadabwe, ndi mtolo umene watsika pamutu. Koma mtolowo unatsala pang'ono kutiphwanya, ndipo mbali yaikulu ndinaumanga ndine. N'chifukwa chake malangizo anga sindiwatenga kwina. Ndikupatsa zolakwa zanga, uzinyamule, n'zopepuka kuposa nsapato zakozo.

Cholakwa choyamba ndinachichita zaka ziwiri zapitazo, sabata imene koleji yoyamba ija inakutenga. Ndinaimirira m'tchalitchi ku Mirrabooka kupereka umboni. Ndinavala chilundu chatsopano, ndinagwira maiki ndi manja awiri, n'kunena kuti mwana wanga, uja munkamuseka kuti watalika ngati mlongoti, wapatsidwa sukulu yaulere ku America zaka zinayi chifukwa chodumpha pa neti. Nthungululu zinalira. Kuyambira pamenepo Lamulungu lililonse azimayi ankandifunsa kuti, "Nanga wa ku America uja?" Ine ndinkatulutsa foni n'kuwaonetsa ukutchinga mpira, ngakhale amene sanafunse. Kuthokoza Mulungu si kulakwa. Koma ndikadzifufuza, theka la umboni uja linali la Mulungu, theka linali langa. Kenako kochi amene anakutenga anasamukira kwina. Anabwera watsopano, ali ndi atsikana ake amene ankawafuna, pa nthawi imenenso malamulo anasintha, timu iliyonse n'kuikiridwa malire a osewera amene ingasunge. Anakuitana mu ofesi mwezi wa Malichi n'kukuuza kuti malo ako a chaka chamawa sangakulonjeze. Iwe unakhala nazo chete masabata asanu. Tinkalankhulana Loweruka lililonse, ine n'kumakufunsa ngati ukudya bwino, iwe n'kumati zonse zili bwino. Tsiku limene unaulula ndinakukalipira kuti unabisiranji. Unandiyankha m'Chizungu chako cha kuno chija, koma tanthauzo lake linali lakuti, "Mum, munauza tchalitchi chonse. Ndikanayambira pati?" Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero.

Choncho Chisomo, ukamva zoipa undiuze tsiku lomwelo. Usayambe waganiza za nkhope yanga ku tchalitchi. Nkhope imeneyi yaona zambiri, siingang'ambike chifukwa cha volebo. Azimayi aja akafunsa ndidzawayankha ndekha, ndi ntchito yanga, si yako.

Cholakwa chachiwiri ndicho chachikulu. Unandifotokozera bwinobwino za mndandanda umene inu mumati potolo, mmene wosewera wofuna kusamuka amalembamo dzina kuti makochi a makoleji ena akhale ndi ufulu womuimbira. Unati umatsegulidwa masiku ochepa m'mwezi wa Meyi, ukatsekedwa basi. Unatinso munthu akangolemba dzina, koleji imene ali ikhoza kumulanda sikolashipi teremu ikatha. Ine nditamva zimenezo ndinati ayi, usalembe. Ndinakuponyera mwambi, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma mantha sanali chifukwa chenicheni. Chenicheni chinali chakuti ndinaona ngati mwano. Kwathu ku Ntcheu ndinaleredwa kuti pakhomo pamene anakulandira suchokapo mozemba, ndipo suyamba kufunafuna khomo lina ukudya za pakhomo loyambalo. Umakhala pansi, umathokoza, umadikira mwini khomo akumasule yekha. Ndinakuuza kuti anthu akupatsa pogona, chakudya ndi sukulu zaka ziwiri, iwe ukaike dzina pamsika ngati mbuzi ya malonda? Ndinati upite kwa kochi, uthokoze, uonetse khalidwe, udikire.

Sindinalekere pomwepo, ndiye poseketsa pake. Ndinapita ku sitolo ya Afirika ku Mirrabooka, ndinasankha chitenje chabwino cha buluu, mtundu wa timu yanu. Ndinalemba kalata ya masamba awiri m'dzina la banja lonse, yothokoza kochi chifukwa chosunga mwana wathu, ndipo ndinakakamiza bambo ako kusainira. Iwo anati, "Amake Chisomo, kodi munthuyu tikukamufunsira mbeta?" Ndinawayang'ana diso limodzi, anasaina. Ndinatumiza pa positi yachangu. M'mutu mwanga ndinkati munthu amene walandira chitenje ndi kalata yotere sangathamangitse mwana wa eni ake, manyazi amugwira. Pambuyo pake unandiuza kuti kochiyo anasangalala nacho kwambiri, anachiyala pa tebulo la mu ofesi n'kuikapo kompyuta. Malo ako anapatsa wina ali pa tebulo lomwelo. Munthuyo sanali woipa mtima. Anali ndi malo owerengeka ndi atsikana ochuluka, ndipo chitenje sichiwonjezera malo.

Potolo inatsegulidwa, masiku n'kumapita. Anzako awiri amene anauzidwa mawu ofanana ndi ako analemba maina tsiku loyamba, sabata isanathe anali atapeza kopita. Iwe unadikira, chifukwa ndinakulera kuti uzimvera, ndipo unandimvera. Pamenepo ndi pamene pamandipweteka kwambiri. Ukanakhala mwana wamwano sukanataya tsiku ndi limodzi lomwe.

Amene ananditsegula maso ndi amake Mwaka, mayi wa ku Zambia uja wa m'kwaya, amene amagwira ntchito yolemba anthu ntchito pa kampani ina mu tauni. Tinakumana Loweruka m'mawa pa malo oimika magalimoto ku Mirrabooka, aliyense akukankha tirole yake. Anafunsa za iwe, ndipo kaya chinandigwira n'chiyani, m'malo motulutsa foni ndinawauza zoona. Ndinafotokoza ndi za chitenje zomwe, monyadira. Anasiya tirole, anagwira m'chiuno.

"Imwe amake Chisomo, mwafunta? Ba kochi si ba malume banu. Bali pa nchito, na mwana ali pa nchito. Kwasala masiku angati?"

"Awiri," ndinatero.

"Awiri! Mukali muimilile pano na tomato? Mutumileni foni manje manje, alembe zina lelo, osati mailo."

Ndinalowa m'galimoto n'kukuimbira. Kwa inu kunali madzulo a Lachisanu. Unayankha, ndipo ndisanamalize kunena kuti ndinalakwitsa, ulembe, unandidula. Unati, "Ndalemba kale dzana, Mum. Ndimaopa kukuuzani." Mwana wanga, chibadwire chako sunandipatseko mphatso yoposa kusamvera kumeneko. Ndinalira m'galimoto muja mpaka amake Mwaka anagogoda pa windo kufunsa ngati wamwalira munthu.

Komabe kuchedwa kuja tinakulipira. Unabwera kunyumba kumapeto kwa Meyi ulibe timu, ulibe sikolashipi. Masabata onse aja ndinkakuona pa tebulo lino ukutumiza mavidiyo ako kwa makochi, mayankho n'kumabwera ofanana: ndiwe wosewera wabwino, ukanalemba msanga, malo adzaza. Sunandilozepo chala ngakhale kamodzi. Unkangotseka kompyuta, kuvala nsapato, kukwera basi kupita ku holo kukamenya mpira pakhoma wekha. Ukanandikalipira bwenzi zitandipepukira. Ndinaonda, yunifolomu inayamba kundikhwepa, anzanga ku ntchito n'kumandifunsa kuti ndikudya chiyani kuti nawonso ayambe. Tsiku limene kochi wa koleji ukupitayi anakuimbira foni ndinali kusita yunifolomu yomweyo m'mawa, iwe unathawira m'galaja kuti tisakusokoneze. Ndinamva ukuti "yes, coach" kangapo konse, kenako zii. Utatuluka unangogwedeza mutu, misozi ili mbwembwembwe. Koleji yaing'ono, dera lozizira, kochi wamkazi amene wotchinga pakati wake, wosewera malo ngati ako, anali atangosamuka. Kolala ya yunifolomu ija inapsa, ndipo sindinaitaye.

Tsono mvera, pakuti nkhani ya malo ako sinathe, yangopuma. Cholakwa changa chachitatu chinali pa pepala. La koleji yoyamba lija tinasainira pa tebulo lino, ine nditavala duku latsopano, bambo ako atavala tayi. Tinajambulitsa zithunzi zambirimbiri, koma palibe amene analiwerenga mpaka pansi. Zaka zinayi zimene ndinalengeza m'tchalitchi zija munalibe m'pepalamo. Munalembedwa chaka chimodzi, choti chikatha aonenso. Ine namwino, amene sindipereka mankhwala ndisanawerenge botolo kawiri, ndinasainira moyo wa mwana wanga ndikuyang'ana kamera. Pepala latsopanoli ndaliwerenga katatu, kamodzi pamodzi ndi amake Mwaka, ndipo nalonso ndi la chaka chimodzi. Kochi watsopanoyu akumveka munthu wabwino, koma nayenso akhoza kusamuka, ndipo malire a malo aja alipobe. Choncho usadikire Meyi. Mipikisano ikangotha, gogoda pa ofesi yake, ufunse mosapita m'mbali ngati uli m'mapulani ake a chaka chamawa. Funsa chimene chingachitike bondo litavulala. Akakuyankha pakamwa, thokoza, kenako pempha kuti akulembere pa imelo. Kufunsa si mwano. Ine ndinakuphunzitsa kuyang'ana pansi akulu akamalankhula, ndipo kunyumba kuno uzitero ndithu, koma mu ofesi muja dzutsa mutu. Safunsa anadya phula.

Ndi za maphunziro zomwe. Koleji yatsopanoyi yakana kuwerengera makosi ako awiri, uyenera kuwabwereza, ndipo ndakumva ukung'ung'udza. Bwereza basi. Ine nditafika kuno ndinali nditabereketsa amayi osawerengeka ku Malawi, koma anandibweza m'kalasi kukaphunzira kusamba m'manja pamodzi ndi ana amsinkhu wako. Ndinakwiya mwezi wathunthu, mkwiyowo sunandichotsere phunziro ndi limodzi lomwe. Kumbukira kuti mpirawu ndi basi yokufikitsa ku digiri. Mawondo amatha, Chizi, monga amakuitanira anzako osatha kutchula dzina aja. Magiredi akatsika, ngakhale utadumpha kufika kudenga sakulola kusewera, ndipo ukadzafuna kusamukanso makoleji ena adzayamba ayang'ana magiredi omwewo.

Cholakwa chachinayi n'chochititsa manyazi, koma poti ndayamba ndimalize. Nditamva dzina la mtsikana amene anatenga malo ako ku koleji yoyamba ija, ndinakamufufuza pa intaneti. Ndinaona chithunzi chake akumwetulira atavala jezi ya buluu, ndipo ndinamuda. Mwana wa eni ake, sanandilakwire kanthu. Ndinkayang'ana chithunzicho pa nthawi yopuma ku ntchito n'kumapeza zifukwa: manja afupi, nkhope yodzikonda. Popemphera sindinamutemberere, koma sindinamudalitsenso. Sabata yatha ndinatchula za iye tikudya, mwachipongwe, ndipo iwe unaika foloko pansi. Unati kumene ukupitaku, pa malo amene anatsala atasamuka mnzawo uja, panali mtsikana wina amene wakhala m'timumo zaka ziwiri popanda sikolashipi, akuyembekezera kuti tsopano ikhala yake. Yapita kwa iwe. "Tsopano mtsikana wa pa chithunzi uja ndine, Mum." Kwinakwake kuli mayi amene akuyang'ana chithunzi chako n'kumati miyendo yatalikitsa.

Ndiye ukafika, mtsikana ameneyo umupeze. Usakapepese, sunabe kanthu, malowo unawagwirira ntchito. Koma usakayende ngati mwini bwalo. Akakuzizira masiku oyamba, mulole, ali ndi chifukwa. Muphunzire dzina lake tsiku loyamba, umuthandize kutola mipira, ndipo akasewera bwino kuposa iwe uwombe m'manja moona mtima. Za kochi wa chitenje uja usakanene zoipa kwa aliyense, ngakhale akufunse mokunyengerera. Makochiwa amadziwana ndipo amaimbirana mafoni. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Pa chimenechi chokha mwambo wa kwathu ndi wa kumeneko ukugwirizana.

Usandimve molakwa, sindikuti uleke kuthokoza. Thokoza amene akuphikira, amene akumanga bandeji pa chala, amene akuyendetsa basi ya timu. Chimene ndaphunzira mochedwa n'chakuti ukhoza kuthokoza munthu ndi mtima wonse uku ukutuluka pakhomo pake. Ndiye ndikukumasuliratu lero, ndi dzanja langa, kuti usadzavutike kufuna chilolezo. Ukadzaona kuti malo ako akugwedezeka, potolo ikatsegulidwa lemba dzina tsiku loyamba. Usadzandifunse. Ndikhoza kudzakhala nditabwerera ku nzeru zanga za ku Ntcheu, n'kuyambanso kukuuza za fodya. Lemba kaye, kenako undiimbire tsiku lomwelo, undiuze kuti walemba. Ndikadzayamba kukalipa, udzandiwerengere ndime ino.

Zina zija ukuzidziwa. Jekete lalikulu lili pansi pa sutikesi yofiira, usalichotse, kumeneko si kuzizira kwa ku Perth kumene umayenda ndi kabudula. Mapepala a viza asachoke m'chikwama cha m'manja. Upeze tchalitchi, ngakhale kakang'ono. Bambo ako uziwaimbira paokha nthawi zina. Sanena, koma masabata onse aja ankadzuka kukapukuta galimoto yoyera kale.

Chomaliza sindinauzepo munthu kupatula amake Mwaka, ngakhale bambo ako sakudziwa. Nyumba yosamalira okalamba imene ndimagwirako ija ndi imene inatibweretsa kuno. Ndiwo anandisainira viza, ndipo bwana wake wa nthawi imeneyo, mayi wachifundo kwambiri, anabwera yekha kudzatitenga ku bwalo la ndege, iwe uli ndi zaka zisanu ndi zinayi, ukusanza m'galimoto yake. Zaka zimene ndinalonjeza kuwagwirira zinatha kalekale. Ine ntchito ya mtima wanga ndi ya uzamba, kulandira ana, ndipo mapepala ake a kuno ndinawapeza iwe usanamalize sekondale. Kawiri konse ndinaona malo atatuluka ku chipatala chachikulu cha ku Murdoch. Kawiri konse ndinadzaza fomu mpaka kumapeto, n'kuisiya osatumiza, poti ndinkati anthu amene anatitola pa bwalo la ndege ndingawachoke bwanji. Bwana uja anapeza ntchito ina zaka zisanu zapitazo. Anatisiyira keke m'chipinda chopumira ndi kakhadi, n'kumapita, ndipo palibe amene anamuona ngati wamwano. Ine ndinatsala, kumathokozabe nyumba imene munthu womuthokozayo anatulukamo kale. Zaka khumi ndi chimodzi, mwana wanga. Nzeru imeneyi ndi imene ndinafuna kukupatsira ngati chimfine.

Mwezi watha malo anatulukanso ku Murdoch, ku wodi ya amayi oyembekezera. Ndinadzaza fomu kachitatu pa kompyuta yako, iwe uli ku holo. Chala chinaima pa batani nthawi yaitali. Kenako ndinaganiza za mwana wa zaka makumi awiri, ali yekha kutsidya kwa nyanja, akulemba dzina lake amake atamuletsa, osadziwa ngati pali amene adzamuimbire. Ndinatumiza. Andiitana Lachiwiri likubwerali, teni koloko m'mawa, kuti akandifunse mafunso.

Ndili ndi mantha, Chisomo. Ukafika, ukagona n'kupumula, undiimbire lisanafike Lachiwiri. Amake Mwaka akuti funso loyamba lidzakhala lakuti n'chifukwa chiyani ndikufuna kuchoka kumene ndili. Iwe unaliyankhapo funso limeneli kwa makochi ambirimbiri. Ine sindinaliyankhepo chibadwire, ndiye undiphunzitse.

Uyende bwino, Mulungu akutsogolere pa bwalo ndi m'kalasi momwe.

Ndine mayi ako,
amene anakuuza kuti udikire